Moto Ukamakanirira pa Galimoto ya Kabuleta, Fufuzani Chonchi

Sabata siitha osabwera munthu pa garaja yanga pano pa Luchenza ndi mawu akuti, “Amakaniko, ndikachotsa phazi pa moto injini ikumangolirabe.” Ena amaimba foni ali pa Chitakale, ena ali ku Bvumbwe atapakira kale kabichi, ndipo onse amafuna ndiwauze sikuluwu yoti apotokole basi azipita. Ndafotokoza kambirimbiri, nthawi zina mayunitsi n'kuthera pakati pa nkhani, ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti aliyense aziwerenga modekha.

Ndikunena za galimoto zomwe zikadali ndi kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe mu injini: Nissan 1400 ya injini ya A14, imene ku South Africa anasiya kupanga mu 2008 koma kuno ikunyamulabe nthochi ndi chinanazi, Corolla ndi Tazz za injini ya 2E, Hilux ndi Hiace zakale za injini za 2Y, 3Y ndi 4Y, ndi Land Rover zakalekale zija zinkayenda m'minda ya tiyi. Ngati yanu ndi ya EFI, yopanda kabuleta imene petulo amathiridwa ndi kompyuta, monga ma Sienta ndi ma Probox adzaza mumsewumu, zambiri zili panozi si zanu.

Tigwirizane kaye mawu. Ntchito yeniyeni ya phazi lanu si kuthira petulo mu injini, koma kutsegula chitseko cha mpweya. Mukaponda pedulo ya moto, imakoka kebulo, kapena timitengo tachitsulo pa galimoto zina. Kebuloyo imakoka kamkono kali pambali pa kabuleta. Kamkonoko kamazungulitsa shafuti, kachitsulo kowonda kopyoza khosi la kabuleta. Pa shafutipo anamangirira kambale kopyapyala, kokulirapo pang'ono kuposa chitsekerero cha botolo la zakumwa, ndipo n'kamene timati batafulayi. Ikatseguka, mpweya umalowa wambiri n'kukoka petulo wambiri. Mukachotsa phazi, sipuling'i imabweza zonsezi mpaka kamkono kakatsamire pa sikuluwu ya aidolo. Aidolo ndi kulira kwa injini galimoto itaima musanaponde kanthu. Ena amati sailensi. Paliponse pa mzere umenewu, kuyambira kuphazi mpaka ku kambale, pakhoza kugwira. Ntchito yanu ndi kupeza pamene pakugwirapo musanasinthe chilichonse.

1. Ukakanirira muli pamsewu, pulumutsani kaye anthu

Izi ndaziika poyamba chifukwa kwathu kuno n'kwa zitunda ndi mitsetse. Wotsika kuchokera pa Thyolo boma kubwera ku Luchenza, kapena wotsetsereka ku Thekerani kulunjika ku Muona, alibe nthawi yoganiza kawiri. Pondani kilatchi mpaka pansi, chotsani giya, injini ilire mmene ingalirire. Phokosolo limaopsa koma silikukankhanso galimoto. Buleki ipondeni kamodzi mwamphamvu n'kugwiritsitsa. Osapopa, chifukwa batafulayi ikakhala yotseguka injini sikoka mokwanira mpweya umene umafewetsa buleki, ndipo mukapopa kawiri katatu pedulo imauma gwa. Kenako bwezani kiyi kamodzi kokha kuti injini izime. Ndikubwereza, kamodzi kokha. Mukaibweza mpaka kumapeto kapena kuizula, chiwongolero chimakiyika galimoto ikuyenda.

Musaweramire pansi kukakoka pedulo ndi dzanja. Kuikola ndi nsonga ya nsapato mungayese kamodzi ngati kutsogolo kulibe kanthu. Mukaima pambali, ikani mwala ku tayala, ndipo musaliyambenso ulendo musanaone chimene chachitika.

2. Kumbukirani nthawi imene umakanirira

Munthu akabwera ndimayamba ndi mafunso, boneti isanatsegulidwe, chifukwa yankho limodzi limatha kundipulumutsa ku ntchito ya tsiku lonse. Ngati injini imalira pamwamba m'mawa mokha, ikatentha n'kutsika, ganizirani tchoki, kachitseko ka pakamwa pa kabuleta kothandiza injini kulira ikadali yozizira. Ngati imayamba bwino koma kukanirira kumabwera mutayenda makilomita angapo, ganizirani kebulo yodutsa pafupi ndi ekizozi kapena tsinde la kabuleta lopindika. Ngati zimachitika mukangomaliza chitunda chimene munaponda mpaka pansi, maso akhale pa khosi lachiwiri la kabuleta, limene limatseguka pokhapokha mwaponda kwambiri, kapena pa kapeti. Ngati moto umadziwonjezera wokha ponyamuka ndi katundu, ndi mawunting'i, mphira zija zogwira injini. Ngati ndi masiku a chiperoni okha, pitani pa nambala 9. Ndipo ngati injini itazima zonse zimabwerera bwinobwino koma ikamalira n'kumakanirira, konzekerani nambala 8, pamene pali ntchito yeniyeni.

3. Yambirani pansi pa mapazi

Injini ikhale yozima. Chotsani kapeti, makamaka ija ya mphira yodula pa tayala kapena ziwiri zosanjikiza. Onani ngati pansi pa pedulo palibe botolo, peyala, sipanala kapena mwala. Gwedezani pedulo ndi dzanja: pamene imazungulirapo pamadzaza matope a nsapato n'kuchita dzimbiri, makamaka galimoto zolowa madzi pansi nthawi ya dzinja. Pukutani, donthezani oyilo pang'ono. Mphindi ziwiri zakwana.

4. Onani ngati kamkono kakufika pa sikuluwu yake

Tsegulani boneti, chotsani eya kilina yonse (chitini cha sefa ya mpweya pamwamba pa kabuleta) ndi mbale yake yapansi. Muyang'ane pansi pa mbaleyo ngati pali pokhulika powala, chifukwa mbale yopindika kapena yobwereka ku galimoto ina imatha kukhudza kamkono. Mapaipi ndi mawaya olendewera nawonso amakola.

Tsono funso lalikulu ndi ili: pamene injini ikulira pamwamba, kodi kamkono katsamira pa sikuluwu ya aidolo, kapena kalekezera m'njira? Yatsani injini, giya itachotsedwa, handibuleki itakokedwa, dikirani vuto lionekere, kenako kankhani kamkono ndi chala kulowera kotseka. Kakasuntha ndipo injini n'kutsika, ndiye kuti kukanirira kulipodi, pitirizani. Koma kakakhala kuti kafika kale pa sikuluwu, sikakusunthanso, injini ikulirabe pamwamba, vuto lanu ndi lina: mpweya ukulowera pobowoka monga paipi yong'ambika kapena gasiketi ya pansi pa kabuleta, khosi lachiwiri silinatseke, kapena wina anapotokola sikuluwu mopitirira. Anthu ambiri amagula kebulo yatsopano pamene vuto linali kapaipi kong'aluka.

Chonde, injini ikulira musasuzumire m'khosi mwa kabuleta. Ikatsokomola imalavula lawi la moto, ndipo nkhope yanu ili pomwepo. Malaya, tayi ndi nsanza zikhale kutali ndi fani. Fodya ayi. Kumbukiraninso kuti mukamakoka kamkono injini itazima, nthawi iliyonse kapampu kakang'ono ka m'kabuleta kamathira petulo m'khosi. Mukakoka kakhumi, injini ivuta kulira; pondani mpaka pansi n'kugwira pomwepo poliza.

5. Chotsani kebulo kuti mugawe vuto pakati

Apa ndi pamene ndimalimbikira kwambiri kwa anyamata anga. Zimitsani injini. Zungulitsani kamkono ndi dzanja kuti kebulo ikhwepe, tulutsani kamutu ka kebulo m'kabowo kake. Pa galimoto za timitengo, chotsani kakilipi n'kuzula mfundo yolumikiza, ndipo kakilipiko kaikeni m'thumba, chifukwa kakagwera m'fumbi simukaonanso.

Tsopano muli ndi zinthu ziwiri zosiyana. Gwirani mutu wa kebulo, mnzanu aponde pedulo pang'onopang'ono, inu n'kumakoka kubweza. Kebulo yabwino imayenda myaa, yopanda pokhakhala. Kenako yesani kamkono pakokha: katsegulireni mpaka kumapeto, n'kukabweza pang'onopang'ono chala chikungokaperekeza. Musakasiye kuti kabwerere thapu. Kakabwerera ndi liwiro kamadumpha pamene pakugwira, inu n'kumati zili bwino. Phazi la munthu pamsewu limachoka pang'onopang'ono, ndiye yesaninso motero.

Mbali imene yagwira ndi imene mulimbane nayo. Zikhoza kugwira zonse ziwiri, zimachitika pa galimoto zakale. Galimoto ikakhala ya otomatiki pali kebulo yachiwiri yopita ku giyabokosi. Ichotseninso muiyese payokha.

6. Ngati ndi kebulo

Yang'anani kumutu kwake konse kuwiri. Kawaya kamodzi kokha kakathothoka, kamakola mkati mwa chikopa cha kebulo ngati mbedza, ndipo kebulo yotero siikonzeka, isintheni. Tsatirani chikopacho ndi zala kuchokera pa khoma la injini mpaka pa kabuleta: pothyoka, popindika kwambiri, pophwanyidwa ndi boneti, posungunuka chifukwa chogona pa manifodi ya ekizozi, chitsulo chotentha chotulutsa utsi mu injini. Kebulo imafuna kukhota mofatsa ngati uta.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Tsiku lina anandibweretsera Corolla imene anali atasintha kebulo kawiri m'miyezi yochepa. Nditaigwira kebuloyo mwini wake akuliza injini, inali yotentha yosagwirika, chikopa chikununkha pulasitiki wopsa. Waya wa efi, uja wonenepa wolumikiza injini ku thupi la galimoto, unali utaduka ndi dzimbiri. Magetsi onse a sitata, posowa njira yobwererera ku batire, ankadutsa m'kebulo ya moto n'kumaiwotcha mkati. Mukapeza kebulo yopsa koma ili kutali ndi ekizozi, fufuzani waya wa efi musanaike yatsopano.

Kebulo zambiri zili ndi pulasitiki woterera mkati, sizifuna gilisi. Gilisi ndi fumbi lathu lofiirali zikakumana zimapanga phala, ndipo pakatha mwezi zimagwira kuposa poyamba. Kebulo ya buleki ya njinga ingakufikitseni kunyumba usiku umodzi, koma isakhale ya chaka. Poika yatsopano musaikunge ngati nsambo ya gitala. Isiyireni kukhwepa pang'ono, mamilimita 2 kapena 3, kuti kamkono kazifika pa sikuluwu pakokha. Mnzanu aponde mpaka pansi, muone kuti batafulayi yaima chilili koma kebulo siikukokedwa mopitirira.

7. Sipuling'i ndi tizitsulo tapambali pa kabuleta

Onani ngati sipuling'i ilipo, siinatamuke, ndipo yakoledwa m'bowo lake. Kabuleta zambiri zili ndi ina yokulungidwa pa shafuti penipeni. Nayo imathyoka kamchira n'kumaoneka ngati ili bwino. Ikatha, pezani ya mphamvu yofanana ndi yakaleyo.

Kenako tsukani tizitsulo tonse tapanja ndi mankhwala opopera otsukira kabuleta, kapena petulo ndi mswachi wakale, injini itazizira. Poyang'ana, tsatani izi. Tchoki ili ndi kachitsulo ka masitepe kamene kamatsegula batafulayi pang'ono m'mawa. Kakauma ndi litsiro sikagwa, injini n'kumalira pamwamba tsiku lonse. Ngati tchoki yanu ndi yokoka ndi dzanja, onani kuti mukaikankha ikubwereradi mpaka kumapeto. Kamtengo ka kapampu ka petulo kakapindika kamagwira kamkono. Pa kabuleta zina pali kachitini kakang'ono kokhala ndi kamutu kotuluka, kamene ntchito yake ndi kuchedwetsa kutseka kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Kuchedwa kotero si vuto, koma kakauma kapena wina akakasendeza kamaletsa kamkono kufika.

Kabuleta za galimoto ndatchulazi zambiri zili ndi makosi awiri, timati pulayimale ndi sekondale. La sekondale limatseguka pokhapokha mwaponda kwambiri. Dalaivala woyenda mofatsa akhoza kutha miyezi osalitsegula, litsiro n'kuunjikana. Tsiku lokwera chitunda cha ku Makwasa ndi matumba a nandolo limatseguka, pobwerera n'kulekezera kampata. Kankhani kamkono kake ndi chala injini ikulira, ikatsika, mwalipeza.

8. Shafuti ndi batafulayi, pamene ambiri amabwererapo

Mwachotsa kebulo, mwatsuka, sipuling'i ili bwino, injini itazima kamkono kakubwerera bwinobwino. Mukayatsa, kakukanirira. Apa ndi pamene anthu amataya mtima n'kuwonjezera sipuling'i yachiwiri.

Chimene chikuchitika ndi ichi. Injini ikamalira batafulayi ili pafupi kutseka, mapisitoni amakoka mpweya mwamphamvu pansi pa kambale kaja, kambaleko n'kumakokedwera pansi pamodzi ndi shafuti. Shafuti imazungulira m'mabowo awiri a m'thupi la kabuleta. Zaka zikamapita, fumbi limalowa m'menemo n'kumapera, bowo lozungulira n'kusanduka ngati dzira. Injini itazima palibe chokoka, shafuti imakhala pakati. Ikalira, shafuti imagwera mbali yodyekayo, m'mphepete mwa kambale n'kukhula khoma la khosi kasanafike potseka. N'chifukwa chake vutoli silioneka galimoto itazima, ngakhale mutayesa kangati.

Kuyesa kwake nkotere. Injini itazima, chotsani sipuling'i yakunja, tsegulani kamkono pang'ono, kagwireni n'kukagwedeza m'mwamba ndi pansi, kutsogolo ndi kumbuyo, osati kukazungulitsa. Kusewera kochepa kwambiri n'kwachibadwa, koma mukamva khwekhwe kapena kuona ndi maso shafuti ikuvina m'bowo, yadyeka. Bwezani sipuling'i, yatsani injini kebulo ikadali yochotsa, kwezani moto ndi dzanja n'kubweza pang'onopang'ono. Pakakanirira, musakankhe kotseka ayi, koma nyamulani nsonga ya shafuti m'mwamba pang'ono ndi chala. Injini ikatsika yokha nthawi yomweyo, mlandu watha. Umboni wina: pakani gilisi wolimba kuzungulira nsonga zonse ziwiri za shafuti injini ili pa aidolo. Kaliridwe kakasintha, ndiye kuti mpweya umalowera m'mabowo odyekawo. Ena amapopera mankhwala otsukira pamenepo; zimagwira ntchito, koma pa injini yotentha ine ndimakonda gilisi chifukwa sayaka.

Musanagamule kuti ndi shafuti, chotsani kaye zifukwa zitatu zotchipa zimene zimaoneka chimodzimodzi.

Choyamba ndi sikuluwu ya aidolo yobwezedwa mopitirira. Munthu akaona injini ikulira pamwamba amamasula sikuluwuyo mpaka siikhudzanso kamkono. Ndiye choimitsa batafulayi sichikhalanso sikuluwu koma khoma la khosi, kambale n'kumaluma m'khomamo. Chizindikiro chake, pedulo imalimba poyamba kuponda kenako n'kuthawa mwadzidzidzi, galimoto n'kudumpha. Ilowetseni mpaka ingokhudza kamkono, muwonjezere pafupifupi kuzungulira kumodzi, zotsala mudzachite injini itatentha. Musaisokoneze ndi sikuluwu inzake ya m'munsi, yolowa m'thupi la kabuleta, imene imasakaniza petulo ndi mpweya. Imeneyo isiyeni, ilibe mlandu pa nkhani ino.

Chachiwiri ndi manati anayi omangira kabuleta pa manifodi yolowetsa mpweya mu injini, kawirikawiri a sipanala 12. Thupi la kabuleta ndi lofewa. Wina akamanga nati imodzi ndi mphamvu zonse asanamange zinzake, tsinde limapotoka, shafuti n'kupanikizika, makamaka kukatentha. Masulani manati onse pang'ono, yesani kamkono. Kakamasuka, mangani mopingasa, pang'onopang'ono, kuzungulira kawiri katatu, ndi dzanja logwira sipanala pafupi ndi mutu.

Chachitatu ndi gasiketi. Zodula pa katoni kapena zogula za kabuleta ina zimasomphokera m'khosi, batafulayi n'kumakola pamenepo potseguka kapena pobwerera. Silikoni wofinyikira mkati amachitanso zomwezo.

Zitatuzi zikapanda kuthandiza, itsitseni kabuleta. Tsekani pakamwa pa manifodi ndi nsanza yoyera nthawi yomweyo; nati ikagweramo, mutsegula injini yonse. Khuthulani petulo, tembenuzani kabuleta, tsukani khosi. Mupeza mkombero wakuda wonata pamene kambale kamatsekera: ndi utsi wa oyilo wochokera m'paipi yopumira injini wosakanikirana ndi fumbi. Galimoto imene yakhala miyezi osayenda imakhalanso ndi utomoni wa petulo wouma, nthawi zina ndi ufa woyera wa chinyezi, paja petulo wathu amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe ndipo ethanol amakoka madzi. Tsukani ndi mankhwala ndi nsanza. Sandipepala ndi tupa zisafike pa kambale kapena pa khoma. Mukapala, mpata umenewo sudzatsekekanso ndipo aidolo siidzatsikanso.

Tsopano bwezani sikuluwu ya aidolo mpaka isakhudze, tsekani batafulayi, kwezani kabuleta kuloza kudzuwa, muyang'ane m'khosi. Kambale kokhala bwino kamasiya kuwala kochepetsetsa, kofanana mbali zonse. Mukaona mbali ina kuli mdima, mbali ina kuwala ngati mwezi wongooneka kumene, kambale kasendera mbali imodzi. Pa khoma mupezanso pokhulika powala, kapena kamzere kokumbika komveka ndi chikhadabo.

Kukhazika kambale pakati kumafuna mtima wofatsa, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Timasikuluwu tiwiri togwira kambale anatiphwanya kunsonga dala ku fakitale kuti tisamasuke n'kugwera mu injini. Mukatipotokola mwankhanza timaduka, kapena kuononga mazinga a m'shafuti. Palani kaye kunsonga kophwanyikako ndi katupa kakang'ono, gwiritsani sikuludiraiva yokwana bwino, ndipo tsamiritsani shafuti pa kamtengo kuti isapindike. Musatichotse, ingotimasulani pang'ono. Tsekani batafulayi mofatsa, igogodeni pang'ono ndi chogwirira cha sikuludiraiva kuti ipeze malo ake yokha, yang'ananinso kudzuwa, gwirani chotseka n'kumanga. Tsegulani ndi kutseka kangapo. Zikakhala bwino, tulutsani kamodzikamodzi, pakani guluu womangira mazinga ngati Loctite, bwezerani. Ngati mwafika pochotsa kambale konse, kalembeni kaye chizindikiro ndi msomali, chifukwa m'mphepete mwake anasema mopendekera, ndipo mukakatembenuza sikatsekanso.

Koma ngati mabowo adyeka, kukhazika pakati kumangogula masabata ochepa. Mankhwala ake ndi awiri: kupita nayo ku Limbe kapena ku Blantyre kwa anthu a makina osema zitsulo kuti akaboole n'kuikamo mabushi (timapaipi tachitsulo toti shafuti izizunguliramo), onse awiri pamzere umodzi, kapena kupeza tsinde lina la kabuleta lomwe silinadyeke. Pogula yakale, igwedezeni shafuti pomwepo musanapereke ndalama. Kukulunga kachitini ka zakumwa pa shafuti sikukhalitsa, ndipo tizidutswa take timathera mu injini.

Za sipuling'i yachiwiri ndili nazo mawu, chifukwa zimandipweteka. Bambo wina wachikulire wa matola anabwera ndi Nissan 1400 yake itadzaza mikoko ya nthochi. Pa kamkono panali masipuling'i awiri ndi lamba wa chubu womangirira ku bawuti ya thupi. Ndinafunsa, “Bambo, izi anaika ndani?” Iwo anati, “Ndine ndemwe, mwana wanga. Ikayamba kugwira ndimawonjezera.” Nditazula shafuti ndinawapatsa m'manja. Mbali yokokedwa ndi masipuling'iyo inali itadyeka ngati mpini wa khasu lakale, bowo lake lotalika moti machesi ankalowa pambali. Kukoka kwamphamvu kuja n'kumene kunkapera bowolo tsiku ndi tsiku, ndipo kebulo nayo inali itayamba kuthothoka chifukwa cholimbana nawo. Akanabwera pa sipuling'i yoyamba, tikanangotsuka ndi kukhazika kambale pakati. Galimoto inagona masiku atatu, nthochi anachita kusamutsira m'galimoto ina.

9. Za masiku a chiperoni

Izi ndi zathu zenizeni kuno ku Thyolo ndi Mulanje, ndipo ambiri sakhulupirira mpaka ataona. Petulo akamasanduka nthunzi m'khosi mwa kabuleta amaziziritsa chitsulo, mpweya nawo umazizira podutsa pampata wopapatiza, moti m'khosimo kutentha kumatha kutsika ndi madigiri 20 kapena kuposerapo poyerekeza ndi panja. Ndiye mu June ndi July, nkhungu ndi kamvula kowaza zikakuta minda ya tiyi, chinyezi chimaundana pa kambale ngakhale panja madzi sanaundane. Injini imazima pa aidolo, kapena moto umakanirira, kapena mphamvu zimangotha. Mukaima mphindi zisanu, kutentha kwa injini kumasungunula, galimoto n'kunyamuka ngati palibe chinachitika. Mukatsegula boneti msanga mupeza tsinde la kabuleta lili zii, lonyowa kapena loyera.

Opanga galimoto anadziwa zimenezi, n'chifukwa chake anaika paipi yofewa yotenga mpweya wofunda pa manifodi ya ekizozi kupita ku mphuno ya eya kilina. Pa galimoto zambiri zimene ndimatsegula paipiyo inatayidwa kalekale. Ibwezereni. Eya kilina zina zili ndi kachitseko kosankha mpweya wofunda kapena wozizira; nyengo yozizira kalozetseni kofunda. Ngati manifodi yanu imafunditsidwa ndi madzi a injini ndipo wina anadula timapaipi take, tilumikizeninso.

10. Mawunting'i ya injini

Mphira zogwira injini zikang'ambika, injini imadzuka mbali imodzi ponyamuka n'kukoka kebulo kapena timitengo, moto n'kudziwonjezera wokha. Kokani handibuleki, ikani miyala ku matayala, tsegulani boneti, mnzanu alowetse giya yoyamba n'kutulutsa kilatchi pang'ono kwa kanthawi. Inu imani pambali, osati kutsogolo. Injini ikadumpha, sinthani mawunting'i.

11. Kuyesa musananyamule anthu

Bwezerani kebulo, sipuling'i ndi kakilipi kaja. Ikani eya kilina yonse, yokhala ndi sefa yosabowoka, chifukwa fumbi lolowera pamenepo n'limene linadya shafuti. Injini isanalire, pondani pedulo mpaka pansi n'kubweza pang'onopang'ono kasanu, mnzanu akuyang'ana kuti kamkono kakugunda sikuluwu nthawi iliyonse. Tsekani boneti muyesenso, popeza boneti imatha kupanikiza kebulo. Yatsani, dikirani itenthe bwino, tcherani aidolo pafupifupi pa 800 ngati galimoto ili ndi wotchi yoonetsa kuzungulira kwa injini. Ngati ilibe, itsitseni mpaka izilira mosalala osanjenjemera, magetsi akulu atayatsidwa. Onani ngati petulo sakudontha pa paipi imene munamasula.

Kenako tulukani nokha, opanda katundu, pamsewu wosalala wopanda anthu ambiri. Yendani mpaka injini itenthe ngati pa ulendo weniweni, pondani mpaka pansi kamodzi pa giya yachitatu kuti khosi la sekondale litseguke, chotsani phazi pang'onopang'ono, pondani kilatchi, mumvetsere. Iyenera kutsika yokha m'masekondi awiri, osachita kuigogoda ndi phazi. Chitani katatu. Ikachedwa ngakhale kamodzi, bwererani pa nambala 5, muchotsenso kebulo injini ikadali yotentha.